Njuchi za Amalume Padenga la Galimoto

Amalume anga a Filimoni anakhala pachikamwini m'mudzi wina wa kufupi ndi Namitete kuyambira ali mnyamata mpaka imvi mbuu. Akazi awo atamwalira, miyambo yonse ya maliro itatha, akuchikazi anawasudzula mwaulemu, kutanthauza kuti anali omasuka kubwerera kwawo. Nyumba, munda, mitengo ya mango ndi nkhokwe zinatsala m'manja mwa ana ndi eni mbumba, monga mwa chikhalidwe chathu. Iwo sanatsutse kanthu. Anangopempha chinthu chimodzi: kuti ming'oma yawo itatu, imene anakhoma okha ndi matabwa, ipite nawo kwathu ku Nambuma njuchi zili momwemo.

Ine ndine mwana wa mlongo wawo, choncho udindo wokawatenga unagwera ine. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi ku Mpingu. Za njuchi ndinaphunzirako pang'ono ku koleji, ndipo mfundo ziwiri zinandisowetsa mtendere ulendo usanayambe. Yoyamba inali yakuti njuchi zotsekeredwa zikatenthedwa, phula limafewa, zisa zimagwa, uchi n'kumiza eni ake. Yachiwiri inali yakuti kugwedezeka ndi phokoso zimazikwiyitsa, ndipo zikapeza potulukira zili zokwiya sizisankha munthu. Mwezi unali wa Okutobala. Munthu wachikulire wobwerera kwawo wopanda munda akanadalira uchi womwewo kuti asamapemphe sopo ndi mchere kwa alongo ake. Njuchizo zikanafera panjira, amalume akanafika ndi chikwama cha zovala basi.

Ndinapangana ndi a Sinoya, dalaivala wa pamsika wa Mpingu, kuti ndiwathirire mafuta ndi kuwapatsa kangachepe. Galimoto yawo inali ya zija zazitali zoyenda m'matope, yomwe anaigula itakalamba kale ku esiteti ina ya fodya. Padenga pake panali kaliyala yachitsulo ya miyendo itatu mbali iliyonse. Mwendo uliwonse unkaluma kamlomo kachitsulo kozungulira denga, koyendamo madzi a mvula, ndipo unkamangidwa ndi bawuti. Ming'oma sitikanaiika m'kati mokhala anthu. Malo ake anali pa kaliyalapo, pamene mphepo ikanaiziziritsa.

Dongosolo langa linali lomveka. Amalume atseke makomo a ming'oma ndi waya wa sefa madzulo njuchi zonse zitalowa. Ife tifike mbandakucha, tikweze, ndipo dzuwa likamayamba kuwawa tikhale titadutsa Kabudula.

Kuchoka ku Mpingu kukafika ku Namitete tinayenda pa tala bwino lomwe, kaliyala ili yopanda kanthu. Tinafika m'mudzimo kukungoyera kumene. Chimene dongosolo langa silinawerengere n'chakuti munthu amene wakhala pamudzi moyo wake wonse sanyamulidwa ngati thumba la chimanga. Tinapeza mipando itatulutsidwa kale pabwalo. Panabwera mkulu wa mpingo, panabwera alamu awo a amalume, panabweranso amayi a m'mudzi n'kukhala pamphasa. Linayamba pemphero, kenako mawu a mwini mbumba, kenako mawu a mkulu wa mpingo, kenako nyimbo. Mwana wawo wamkazi wa amalume, msuweni wanga, atayamba kulira, amayi onse anamuthandiza. Ine ndinakhala pampando chipewa chili pabondo, maso ali pa chithunzithunzi cha mtengo wa mango chimene chinkafupika ndikuona. Kudzuka sindikanatha. Ndinabwera ngati woimira mbumba yathu, ndipo kufulumiza mwambowo kukanamveka ngati tikuti, "Tipatseni munthu wathu tizipita, munamusunga mokwanira."

A Sinoya anandinong'oneza. "Alangizi, kodi njuchi zanuzo zimadziwa kuti kuli tiyi akubwera?"

Tiyiyo anabweradi, ndi mbatata zake. Pamene tinkamaliza kukweza ming'oma, ana a sukulu anali atalowa kale m'kalasi. Tinaiyala pa matabwa, tinaimanga ndi malegeni ndi chingwe, ndipo pamwamba tinafunditsa ziguduli zonyowa. Amalume anakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, ine kumbuyo pamodzi ndi chikwama chawo ndi zigubu za madzi. Sanacheuke pamene tinkatuluka m'mudzimo.

Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wodutsa m'midzi kulowera ku Nsaru, phokoso linayamba. Msewuwo unali umodzi mwa ija imene aliyense wofuna mavoti ankalonjeza kuti aikonza, ndipo unali ndi timizere topingasa tokhatokha ngati lata. Ndinatchera khutu, ndipo ndinazindikira kuti maphokoso anali awiri osiyana. Lina linali logogoda, kho-kho-kho, lochokera kumbuyo kwa denga. Lina linali lolira mosongoka, kwii-kwii, lochokera kutsogolo. Chogogoda chimasonyeza kuti pali mpata pakati pa zinthu ziwiri ndipo chimodzi chikumenya chinzake. Cholira chimasonyeza kuti zitsulo ziwiri zakhudzana ndipo zikukhulana. Matenda awiri amenewa sachira ndi mankhwala amodzi.

"A Sinoya, taimani kaye."

"Imeneyo ndi nyimbo ya galimotoyi, alangizi. Ine ndikapanda kuimva ndimaodzera."

Amalume sanaseke. Anali atagwiriza chikhatho chawo kudenga la m'kati mwa galimoto, mutu atapendeketsa.

"Imani," anatero. "Zayamba kuyankha."

Injini itazima tonse tinamva. Mng'ung'udzo wa njuchi, umene m'mudzi muja unali wapansipansi, tsopano unali utakwera ngati wa chigayo cha patali.

Chogogoda chinapezeka msanga. Jeke ndi fosholo zimene a Sinoya ankamangirira kumbuyo kwa kaliyala zinali zitakhwepa, ndipo zinkamenya chitsulo pa bampu iliyonse. Tinazitsitsa, tinazikulunga m'thumba n'kuziika pansi pa mpando. Titanyamuka, kugogoda kunatha. Kulira kuja kunatsala, ndipo popeza kunali kokha tsopano, kunkamveka ngati kwakula.

Pamphambano ina mayi wina wachikulire anatiimika atasenza dengu. A Sinoya anaima ndisanatsegule pakamwa, pakuti dalaivala wa kumudzi sadutsa munthu wolipira mpando uli chikhalire. Mayiyo anati dzina lawo ndi Naphiri, ndipo ankapita ku chipatala cha Kabudula kumene mwana wawo anali atachira mwana wamwamuna. Anakhala pafupi nane, dengu pamiyendo.

"Kodi galimoto yanuyi ili ndi mbewa kudenga?" anafunsa patapita kanthawi.

"Ndi kaliyala, mayi," anayankha a Sinoya.

"Nanga mwanyamula chiyani chofunditsa chonchi kunja kukutentha?"

A Sinoya anafulumira kuwafunsa za kulemera kwa mdzukulu.

Ku Nsaru tinapeza kuti linali tsiku la msika. Njinga, ngolo ndi anthu zinadzaza msewu, ndipo a Sinoya ankayendetsa ngati akuperekeza mkwati. Munthu aliyense amene ankatsamira galimoto kuti atidutse ankandikweza mtima m'mwamba. Ndinawapempha kuti tisaime pakati pa anthu. Tinapitirira mpaka pa mtengo wina wa mthethe kunja kwa msika, ndipo pamenepo ndinakwera pa tayala kuti ndione miyendo ya kaliyala.

Chifukwa cha kulira chinaoneka poyera. Pansi pa mwendo uliwonse pamayenera kukhala kachidutswa ka mphira kolekanitsa chitsulo cha mwendo ndi chitsulo cha denga. Pa miyendo yakumbuyo mphirayo inalipo, ngakhale inali yong'aluka. Pa yakutsogolo ndi yapakati inali itadyeka kalekale. Kaliyala ikakhala yopanda katundu zimenezi sizinkamveka kwenikweni, koma kulemera kwa ming'oma yodzaza uchi kunkapanikiza zitsulozo kuti zizikhulana, ndipo kunjenjemera kwake kunkakwera mpaka m'matabwa.

Ndinafotokoza kuti mankhwala enieni anali kudula chubu chakale, kumasula mwendo uliwonse, kulowetsa mphira yatsopano n'kumanganso. Koma kuti titero tinayenera kutsitsa ming'oma kapena kunyamula kaliyala ndi katundu wake yemwe, pafupi ndi msika wodzaza anthu, dzuwa likulunjika paliwombo.

"Zonsezo n'zotaya nthawi," anatero a Sinoya. Anatulutsa kabotolo ka oyilo wakuda wotsala posintha wa injini. "Dontho limodzi pa mwendo uliwonse, ziii. Ndakhala ndikuchita zimenezi chigulireni galimotoyi."

Ndinayeza zinthu ziwirizo. Kuchedwa kunali ndi ngozi yodziwika: phula likanafewa. Oyilo analibe ngozi imene ndinkaiona panthawiyo, kupatula fungo. Ndinayang'ana amalume. Iwo anayang'ana dzuwa, kenako anagwedeza mutu kuvomera. A Sinoya anathira, ndipo sanathire dontho limodzi.

Ndili pamwamba pomwepo ndinatsanulira madzi pa ziguduli. Njuchi zingapo za m'deralo, zitamva fungo la uchi, zinayamba kuzungulira. Mayi Naphiri anatulutsa mutu pawindo.

"Kodi mukuthirira chiyani kumeneko? Mwanyamula mbande?"

Njuchi ina inatera pa dengu lawo. Anaiyang'ana, anayang'ana ziguduli, kenako anayang'ana amalume.

"Abambo inu, ndiuzeni zoona. Pamutu pangapa pali njuchi, eti?"

"Zatsekeredwa, mayi," anatero amalume modekha.

"Zatsekeredwa! Ine ndikukaona mdzukulu, inu mukufuna ndikagone bedi loyandikana ndi mwana wanga? Adalaivala, mumandifunsa makilo a mwana muli ndi nkhani yotere m'kamwa?"

Anatsegula chitseko, anaponda pansi ndi mwendo umodzi, anayang'ana msewu wopanda galimoto ina iliyonse, n'kubwezanso mwendowo m'kati. Anavula chitenje chapamwamba n'kudzifunditsa kumutu, maso okha ali kunja.

"Tiyeni. Koma ikandiluma imodzi, ndalama yanga mubweza."

Kuchoka ku Nsaru, kudenga kunali chete. A Sinoya anayamba kuimba likhweru. Amalume anaikanso chikhatho kudenga n'kunena kuti mng'ung'udzo watsikako. Ngakhale mayi Naphiri anatulutsa mphuno m'chitenje. Ine ndekha ndinasowa mtendere, ndipo ndinatenga kanthawi kuti ndidziwe chifukwa chake. Phokoso la zitsulo zokhulana limatha pa zifukwa ziwiri: kapena zitsulozo zaleka kusuntha, kapena zikusunthabe koma mosakhulana. Oyilo sakanaletsa chinthu kusuntha. Miyendo ija sinaboole denga, inkangoliluma, ndipo chimene chinkaigwira kuti isatsetsereke chinali kukhakhala komweko kumene tinali titangokuchotsa.

Sindinanene kanthu mpaka titafika ku Kabudula, chifukwa ndinkafuna umboni. Mayi Naphiri atatsika pa geti la chipatala, atatidalitsa ndi mawu akuti, "Mulungu akukhululukireni," ndinakweranso pa tayala. Kumbuyo kwa mwendo uliwonse kunali kamzere konyezimira pa kamlomo ka denga, kotalika ngati chala. Kaliyala yonse inali itasunthira kutsogolo.

Ndinawaitana a Sinoya kuti aone. Likhweru lija linathera pomwepo. Anatulutsa sipanala n'kuyamba kukhwimitsa mabawuti. Asanu analimba. Lachisanu ndi chimodzi, la mwendo wakutsogolo kumanzere, nati yake inkangozungulira osagwira, mazinga ake atadyeka.

Tinafunsa wowotcherera zitsulo pa malo a malonda. Anatilozera kashedi kena, ndipo tinapeza mwini wake atakhala pa benchi akusewera bawo. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Anati mwina abwera masana, mwina mawa. Nati ya msinkhu umenewo analibe. Tinaika galimoto pamthunzi wa sitolo ina n'kudikira. Ndinanyowetsanso ziguduli, ndipo madziwo ankauma ndikuona. A Sinoya anazungulira kwa okonza njinga onse, koma anabwera ndi timanati ting'onoting'ono tosathandiza. Babu la pakhonde la wowotcherera uja ndinaliyang'anitsitsa mpaka maso anandiwawa.

Amalume anaima pafupi ndi galimoto, mphuno atakweza.

"Lameki," anandiitana, "ukulimva fungo limeneli?"

"Ndi la uchi, amalume."

"Si uchi. Ndi phula. Tikakhalabe pano tikatsitsa mitembo."

Galimoto ikamayenda, mphepo inkadutsa m'ziguduli. Ikaima, kutentha kunkaunjikana. Tinagwirizana zopitirira pang'onopang'ono, osaponda mabuleki mwadzidzidzi, popeza buleki ndiye inkakankhira katundu kutsogolo. A Sinoya anamanga mwendo wodwalawo ndi legeni, ngakhale tonse tinkadziwa kuti legeni pa oyilo ndi chithunzi chabe.

Tinayenda motero kwa nthawi ndithu kulowera ku Nambuma, m'minda youma ndi zigafa zopanda fodya. Kenako tinaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu, chizindikiro chakuti m'mudzi wa kutsogolo muli maliro. A Sinoya anavula kapusi yawo n'kuchepetsanso liwiro. Msewu pamenepo unkatsetsereka kulowera kudambo, ndipo kumanja kwake kunali nkhalango ya manda.

Sitinawaone msanga chifukwa cha chigafa chachikulu chimene chinali m'mbali mwa msewu. Tinangomva nyimbo, ndipo nthawi yomweyo amuna onyamula bokosi anatulukira kuseri kwa chigafacho n'kulowa mumsewu patsogolo pathu penipeni. A Sinoya sakanachitira mwina. Anaponda buleki.

Kudenga kunamveka kukwekwereza, kenako gwa! Ngodya ya kaliyala inaonekera pamwamba pa galasi lakutsogolo, itapendekera kumanzere. Mwendo uja unali utadumpha pa kamlomo kake. A Sinoya anazimitsa injini, monga amachitira aliyense maliro akamadutsa. M'chete mmenemo, pansi pa nyimbo ya amayi, ndinamva mng'ung'udzo umene sunalinso wa m'bokosi lotseka. Njuchi imodzi inatera pa galasi. Inatsatira ina, kenako ina.

Amalume anatsegula chitseko pang'onopang'ono. Anavula jekete lawo, anaponda pa chitsulo chokwerera, n'kuimirira mpaka chifuwa chawo chinafika pa kaliyala. Ndinatuluka kumbuyo kwawo. Mng'oma wakutsogolo unali utapendekeka, chivindikiro chake chitasuntha, ndipo pa mpata wopyapyala umene unatseguka njuchi zinkatuluka motsatizana. Amalume anatseka mpatawo ndi jekete n'kuupanikiza ndi manja onse awiri. Sakanatha kubwezeretsa chivindikiro popanda kuchinyamula, ndipo kuchinyamula kukanatsegulira zonse. Zimene zinali zitatuluka kale zinawapeza iwo poyamba.

Anthu ankadutsa pafupi kwambiri ndi galimoto. Pambuyo pa bokosi panali amayi a mpingo ovala zoyera, pambuyo pawo anamfedwa ogwiriziridwa m'mapewa, ndipo mzerewo unkatulukabe kuseri kwa chigafa osaoneka mathero ake. Ndinadziwa kuti mawu amodzi okha ofuula akuti "njuchi" akanabalalitsa khamu lonselo. Okalamba akanapondedwa, ndipo bokosi likanatha kugwera pamsewu. Mlandu wotero sutha ndi mbuzi.

Bambo wina wamphamvu, fosholo ili paphewa, anapatuka pamzere n'kubwera kwa ife nkhope itakwinyika. Anali mkulu wa adzukulu, aja okumba manda.

"Madala, tatsikani apo," anatero motsitsa mawu koma mwaukali. "Simukuona chimene chikudutsa? Kwanu amakwera pamwamba maliro akamadutsa?"

Ndinapita patsogolo pa bamboyo n'kunjuta, manja ali pamodzi.

"Pepani, bambo. Chonde musakweze mawu, ndipo musaloze. Tayang'anani pakhosi pa akuluwo."

Anayang'ana. Pakhosi ndi kumaso kwa amalume panali njuchi zingapo, zina zikuyenda, zina zitaluma kale. Nsagwada zawo zinali zitalumana, koma manja sanasunthe.

"Zilipo zochuluka bwanji?" anafunsa bamboyo.

"Ming'oma itatu. Wotseguka ndi umodzi. Akachotsa manja, zonse za mmenemo zituluka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, ndipo sindinadziwe ngati andimenya kapena afuula. Kenako anatembenuka, anapita pakati pa galimoto ndi mzere wa anthu, anagwira fosholo yake mopingasa, n'kuyamba kuwakankhira chakumunsi ndi chizindikiro cha mutu, ngati munthu amene akungokonza dongosolo la mwambo. Anthu amamvera mdzukulu pamaliro osafunsa chifukwa. Mzere unapindika n'kuyamba kuwolokera patali pang'ono.

Ndinaima pambali pa amalume, mutu wopanda chipewa, nditagwira lamba wawo kumbuyo kuti asaterereke. Njuchi ina inandiluma pakhutu, ndipo ndinadziletsa kuiphwanya, podziwa kuti fungo la yophwanyidwa limaitana zinzake. Mayi wina pamzere anadzimenya patsaya, n'kuyang'ana m'mwamba. Anapukuta tsayalo ndi nsonga ya chitenje n'kupitiriza kuimba.

"Atsala ambiri?" anafunsa amalume mano ali chilumire. Sakanatha kucheuka.

"Atsala pang'ono, amalume."

Ndinanama. Panali padakali amuna onse a m'mudzi, kenako okalamba oyenda ndi ndodo, kenako ena okankha njinga. Womaliza anali gogo wina amene anaima pakati pa msewu kuti akonze patapata wake woduka.

Msewu utayera, a Sinoya anayatsa kachidutswa ka chiguduli n'kukazimitsa kuti kafuke. Ndinapemerera utsiwo pa mpata uja, amalume anachotsa jekete, ndipo tonse awiri tinanyamula chivindikiro n'kuchibwezera pamalo pake. Titachimanga, amalume anatsika n'kukhala pansi mu fumbi, msana atatsamira tayala. Milomo ndi zikope zinali zitayamba kale kutupa. Ndinawachotsa mbola ndi chikhadabo, imodzi imodzi, n'kuwafunsa ngati akupuma bwino. Anati njuchi zinawaluma moyo wawo wonse, ndipo chifuwa chawo sichinatsekepo.

Tsopano panalibenso chosankha. Ntchito imene tinaizemba ku Nsaru tinayenera kuigwira pomwepo, ndiponso mwakachetechete, chifukwa mwambo unali m'kati kumanda kuja ndipo kugogoda chitsulo kukanakhala chipongwe. A Sinoya anatulutsa chubu chawo chapadera, anachiyang'ana mwachisoni, n'kundipatsa mpeni.

"Chili ndi chigamba chimodzi chokha, alangizi. Dulani msanga ndisanasinthe maganizo."

Tinasolola mtengo umodzi wogwa pa chigafa chija kuti ukhale chonyamulira. A Sinoya ankaulowetsa pansi pa kaliyala n'kukweza ngodya imodzi ndi phewa, ine n'kumasula mwendo. Oyilo tinamuchotsa ndi sopo, phulusa la chiguduli ndi mchenga, mpaka chala chikamadutsa pa chitsulo chizikakamira. Pa mwendo uliwonse ndinapinda mphira pawiri, kuti ina ikhale pansi pa mwendo, ina kuseri kwa kamlomo kumene chomangira chimaluma. Kaliyala tinaibwezera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka timizere tonyezimira tija titabisika. Nati yolowa m'malo mwa yodyeka ija tinaichotsa pa chomangira mpando wakumbuyo, pamene tonse sitinapaganizire ku Kabudula, ndipo inagwira. Pokhwimitsa sitinamalize mwendo umodzi tisanakhudze unzake. Tinkakhwimitsa pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti kulemera kugawanike mofanana. Pomaliza tinadutsitsa chingwe pamwamba pa kaliyala ndi m'mawindo, n'kuchimanga m'kati pamwamba pa mitu yathu. A Sinoya anagwira kaliyala ndi manja awiri n'kuikoka ndi thupi lawo lonse. Inagwedezeka galimoto yonse, kaliyala osasuntha payokha.

Anthu atayamba kubwerera kuchokera kumanda, ndinapita kusiwa kukapepesa, pakuti sitikanachoka ngati anthu ongodutsa titaima pakhomo pawo nthawi yonseyo. Ndinakhala pansi pang'ono ndi amuna, ndinapereka chipepeso changa, n'kutsazika. Mkulu wa adzukulu uja anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Sindinauze munthu," anatero. "Ndipo inunso musadzanene kuti unali mudzi uti. Koma ulendo wina, achimwene, njuchi muzidutsa nazo kwina."

Mtunda wotsalawo tinauyenda dzuwa litapendeka. Kudenga kunali phee, ndipo ulendo uno ndinkadziwa chifukwa chake. Ndinatsikabe kawiri kukayang'ana miyendo ija. Panalibe kamzere katsopano.

Tinafika kwathu dzuwa lili pafupi kulowa. Amayi anga anatuluka kudzalandira mlongo wawo, ndipo ataona nkhope yawo anagwira pakamwa. Maso a amalume anali atatsekeka ndi kutupa. Koma anakana kulowa m'nyumba, anakananso madzi akumwa, mpaka ming'oma itatsitsidwa n'kuikidwa pa mafoloko a mitengo amene ndinakonzeratu kuseri kwa dimba. Ndinawagwira dzanja kupita nawo kumeneko.

Anaika khutu pa mng'oma woyamba n'kundiuza kuti ndichotse sefa. Njuchi zinatuluka n'kuyamba kuzungulira pakhomo pake. Wachiwiri chimodzimodzi. Pa wachitatu, uja unapendekeka, anakhalitsa khutu lili pathabwa. Pansi pake uchi unkadontha m'fumbi.

"Tsegula," anatero.

Zisa zambiri zinali zitagwa n'kuunjikana mbali imodzi. Pansi pa mng'oma panali uchi wosakanikirana ndi njuchi zakufa zosawerengeka. Ndinawauza zimene ndinkaona, osachepetsa.

"Zamoyo zilipo?"

"Zilipo pang'ono, amalume. Zaunjikana pangodya yakumbuyo, pa chisa chimodzi chimene sichinagwe."

"Ngati manthu wawo, mayi wa njuchi zonsezi, ali moyo, zidzamanganso. Ngati wafa, mng'oma uno watha. Ine maso ndilibe lero, Lameki. Ona iwe. Ndi wamtali kuposa zinzake, mapiko ake safika kumchira. Usafulumire."

Ndinanyamula chisacho n'kuchilozetsa ku kuwala kumene kunatsala. Njuchi zinali zitaphimbana, zikuyenda pang'onopang'ono. Ndinazipemerera mpweya pang'ono kuti zipatuke. Ndinayang'ana mbali imodzi yonse, mzere ndi mzere, osapeza kanthu. Amalume anali chiimire, dzanja lawo lotupa lili paphewa panga, ndipo ndinkamva kulemera kwake kukuwonjezeka. Ndinatembenuza chisacho. Chakumunsi, pamene njuchi zinapanga kabwalo mitu yonse italoza pakati, china chake chachitali chinasuntha n'kulowa pansi pa zinzake.

"Alipo," ndinatero. "Akuyenda."

Dzanja lija linachoka paphewa panga. Amalume anapapasa chivindikiro, anachipeza, n'kuchiika okha pamalo pake mosamala.

"Ndiye kuti tafika tonse," anatero. "Kawauze amayi ako andipatse madzi aja."